Momwe mungalukire zopondera pakhomo ndi anthu ogona m'makonde, phindu n'kuthandizira asilikali akale

Lamulungu lachiwiri la Novembala likafika, nkhata za maluwa zimayikidwa pachipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) ku Zomba ndi pansanja ya chikumbutso ku Area 18 ku Lilongwe, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri kukumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 Novembala 1918. Mwambo ukatha aliyense amabwerera kwawo. Koma agogo amene anavala yunifolomu aja amafuna sopo, shuga ndi bulangete chaka chonse. Amene anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma ndi ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) atsala owerengeka, koma alipo ena amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ena anakasungitsa bata ku DRC, ndiponso alipo amayi amasiye a asilikaliwo.

Ife a gulu la amayi kumpingo kwathu tinayamba kuluka zopondera pakhomo, oluka ake n'kukhala anthu amene amagona m'makonde a masitolo ndi kudepoti. Nzeruyi si yathu. Ku Britain, Major George Howson anatsegula Poppy Factory mu 1922 kuti asilikali olumala pankhondo azipanga maluwa ofiira ovala pachifuwa nyengo ya chikumbutso n'kumalandira malipiro, ndipo mpaka lero ilipo ku Richmond. Ife tinangoikhotetsa pang'ono kuti opanga akhale osowa pogona, olandira phindu akhale asilikali akale.

Choyamba, kaonaneni ndi eni ake

Musanagule ngakhale chiguduli chimodzi, pitani kwa a bungwe la asilikali opuma la VELOM mukafotokoze cholinga chanu. Maluwa ofiira ovala pachifuwa amene amagulitsidwa nyengo ya chikumbutso ndi gawo lawo, choncho musapange anuanu n'kumawagulitsa ngati ndi omwewo. Ife tinangoluka duwa lofiira pakona ya chopondera ngati chizindikiro. Afunseninso kuti chikusowa n'chiyani kwenikweni. Ife tinkaganiza za zovala, koma tinauzidwa za sopo ndi ndalama yokwerera kupita kuchipatala.

Chachiwiri, zipangizo

Pamafunika ziguduli, zidutswa za nsalu, sizasi, choko, ulusi wolimba ndi kambedza kokokera nsalu. Kambedzako musagule. Pitani kwa okonza njinga akupatseni masipoko otha, awapinde kumapeto, inu mukulunge mphira kogwirira.

Chiguduli ndiye chabwino chifukwa maso ake ndi otseguka. Thumba la feteleza ndi lotchipa koma limayoyoka m'mbali, ndipo ngati simunalichape bwino limayabwa m'manja.

Zidutswa za nsalu zili kwa atelala a m'makonde. Kale ankangopereka, lero aphunzira kugulitsa, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene chilichonse chinakwera mtengo. Gwirizanani ndi atelala awiri kapena atatu kuti muzitenga Lachisanu lililonse, mtengo ndi wa pamwezi. Nsalu yoluka bwino kwambiri ndi ya matisheti akaunjika amene alephera kugulidwa, chifukwa ikadulidwa imadzipinda yokha ndipo siyoyoka. Koma chenjerani ndi anyamata ogulitsa thumba lomanga kale. Wina anatigulitsa thumba lolemera bwino, pamwamba matisheti ofiira okongola, pansi sanza zonyowa zonunkha nkhungu. Khuthulani thumba lonse pansi iye ali pomwepo. Akakana, musiyeni.

Chachitatu, kupeza oluka

Pitani m'mawa kwambiri, asanabalalike kukasaka maganyu, ndipo mupite awiri. Musalonjeze nyumba kapena ntchito yokhazikika. Nenani zomwe zilipo: ganyu ya masiku atatu pa sabata, nsima masana, malipiro tsiku lomwelo. Tengani akuluakulu okhaokha. Ana a mumsewu adzabwera ndithu, ndipo mtima umawawa kuwabweza, koma malo awo si pano. Apatseni chakudya, nkhani yawo mukaitule ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma.

Chachinayi, malipiro, pamene ife tinagwa

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse. Chaka choyamba tinalibe ndalama zambiri, ndiye tinagwirizana kuti oluka azidya masana, koma malipiro adzalandire katundu akagulidwa mu Novembala. Papepala zinkaoneka zanzeru. Tinayamba mu Seputembala ndi anthu 9. Sabata yachitatu anatsala 3.

Ine ndinakwiya, ndinkati anthuwa ndi aulesi. Tsiku lina ndinakumana ndi mmodzi mwa amene anasiya, bambo wachikulire woluka mwaukhondo kuposa tonsefe, akusenza matumba a makala kumsika, thukuta lasakanikirana ndi fumbi lakuda pakhosi. Ndinati, "Bambo, mwatithawiranji?" Iwo anatula thumba pansi n'kupukuta manja pabuluku asanandipatse moni. Kenako anati, "Amayi, nsima yanu ya masana ndi yabwino. Nanga madzulo ndidye chiyani? Njala sidziwa Novembala."

Ndinasowa choyankha. Munthu amene ali ndi nyumba amatha kudikira kutha kwa mwezi chifukwa ufa uli m'chidebe ndipo wagolosale amamudziwa, amamukongoza. Wogona pakhonde palibe amene amamukongoza. Tsiku limene waluka kwa ife ndi tsiku limene sanasenze makala, sanatsuke minibasi, sanapeze ya madzulo. Tinkamupempha kuti atikongoze ife thukuta lake kwa miyezi iwiri, iye amene alibe kalikonse.

Ndiye musayambe kuluka musanasonkhe ndalama ya malipiro a masabata osachepera 6. Iyi ikhale m'thumba lakelake, losiyana ndi la zipangizo, losiyananso ndi la asilikali, ndipo isabwerekedwe zivute zitani. Lipirani dzuwa lisanalowe, ndalama yogwirika m'manja. Tinayesa Airtel Money ndi Mpamba, koma ambiri alibe foni, ena chiphaso cha unzika chinabedwa kapena chinanyowa ndi mvula, ndiye nambala sangalembetse. Konzekeranitu ndalama zing'onozing'ono, chifukwa kupatsa anthu awiri K5,000 imodzi kuti akagawane n'kuyambitsa ndewu.

Kalipiridwe kake, ife tinapeza kuti kulipira pa chopondera chilichonse kumathamangitsa anthu, mizere n'kutalikirana, chiguduli n'kumaonekera. Kulipira patsiku kokha nakonso ena amangocheza. Tsopano timapereka ya tsiku yofanana kwa aliyense, ndipo chopondera chikatha bwino timawonjezera kenakake pamwamba. Ena adzakupemphani kuti muziwasungira gawo lina, popeza usiku pakhonde ndalama imasoloka m'thumba munthu ali mtulo. Vomerani, koma lembani m'kope pamaso pawo, adinde chala kapena asayine, ndipo akaifuna muwapatse osafunsa kuti akagula chiyani. Ndi yawo.

Titasintha, bambo aja anabwerera ndi anzawo awiri. Lero ndiwo amaphunzitsa obwera kumene.

Chachisanu, kuluka

Dulani chiguduli masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, pindani m'mbali, sokani. Jambulani duwa ndi choko. Nsalu idulidwe timizere topyapyala ngati chala. Lowetsani kambedza, kokani nsalu, mangani, pitani diso lotsatira. Yambani ndi duwa, kenako malire, pakati pomalizira. Sabata yoyamba zidzatuluka zokhota, zimenezo muziyale kwanu. Katundu yense azigona pamalo ogwirira ntchito pokhoma, pamwamba pa benchi chifukwa mvula yoyamba ikagwa pansi pamachita chinyontho.

Chachisanu n'chimodzi, kugulitsa

Kumsika anthu amanenerera mpaka kufika mtengo wa chiguduli. Gulitsani potuluka m'tchalitchi, m'maofesi pakutha pa mwezi, ndi m'malo ogona alendo, amene amatenga zambiri nthawi imodzi. Zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook zimathandiza, koma jambulani katundu, nkhope za oluka ayi pokhapokha avomere okha. Mtengo uwerengedwe motere: zipangizo, malipiro, chakudya, kenako gawo la asilikali pamwamba. Ngongole musapereke, ngakhale kwa abusa.

Chomaliza

Werengani ndalama anthu atatu alipo, chotsani ya malipiro a chaka chamawa, yotsalayo gulani zimene munauzidwa zija. Kaperekeni kwa asilikaliwo kudzera kwa a VELOM, oluka awiri kapena atatu apite nanu, ndipo malisiti muwamate pakhoma pamene aliyense angawerenge.