Mmene Mungapimire Chovala cha Makina cha Msilikali Musanakhulupirire Kanema wa pa Foni

M'magulu a WhatsApp kuno ku Lilongwe mumazungulira timakanema toonetsa msilikali atavala chigoba chachitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akunyamula mabokosi olemera ngati dengu la tomato, ndipo pansi pake pamalembedwa kuti asilikali a dziko lakutilakuti ayamba kale kumenya nkhondo atavala zimenezi. Zovalazi pa Chingerezi amazitcha exoskeleton, ndipo kwenikweni ndi mafupa achitsulo omangirira kunja kwa thupi, okhala ndi timamota m'mawondo ndi m'chiuno tothandiza munthu kuyenda kapena kunyamula katundu. Zovalazi zilipodi, koma kuti mudziwe ngati chimene mwaonacho chingapirire kunkhondo, simufunika digiri ya uinjiniya. Pepala, cholembera ndi masamu a Sitandade 8 n'zokwanira.

Yambani ndi kufufuza kumene mphamvu ikuchokera. Muonerenso kanemayo, koma ulendo uno maso anu asakhale pa mikono imene ikunyamula, akhale kumsana kwa munthuyo ndi pansi pamene waponda. Mukaona chingwe chikuchokera kumsanako n'kulowera kuseri kwa kamera, dziwani kuti jenereta kapena pampu yatsala pamalo amodzi, ndipo msilikaliyo ali ngati mbuzi ya pachingwe imene imadya udzu wa pamene chingwe chalekezera. Chovala cha XOS 2 chimene kampani za Raytheon ndi Sarcos zinaonetsa ku America mu 2010 chinali chotere: chinkanyamuladi zolemera modabwitsa, koma mphamvu yake inkabwera kudzera pa chingwe.

Ngati chingwe palibe, ndiye kuti pali batire, ndipo apa ndi pamene pepala lija ligwire ntchito. Batire labwino la lithiamu, la mtundu umene uli m'foni ndi m'laputopu yanu, limasunga pafupifupi mawati-ola 250 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza magetsi okwanira kuyendetsa chipangizo chodya mawati 250 kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti chovalacho chimadya mawati 500 pamene munthu akuyenda, zimene si zambiri kwa makina onyamula munthu, zida zake ndi kulemera kwa makinawo. Pa maola 8 chidzafuna mawati-ola 4,000, ndipo mukagawa ndi 250 mupeza batire la makilogalamu 16. Mpaka pamenepa zinthu zikuoneka zotheka. Koma msilikali woyenda pansi sagwira ntchito ya muofesi yoweruka 5 koloko, ndipo akalowa m'nkhalango, monga mmene asilikali athu akhala akuchitira kum'mawa kwa DRC, atha kukhala masiku atatu asanaone malo otchajira. Maola 72 kuchulukitsa ndi 500 ndi mawati-ola 36,000, kutanthauza batire la makilogalamu 144, pafupifupi matumba atatu a chimanga. Batire lolemera chotero limafunanso mamota amphamvu kuti alinyamule, mamotawo amadya magetsi ochuluka, ndipo magetsi ochulukawo amafuna batire lina lowonjezera, mwakuti masamu ake amangozungulira osafika pothera.

Wina anganene kuti bwanji osaikapo kainjini ka dizilo, popeza kilogalamu ya dizilo imasunga mphamvu yoposa ya batire pafupifupi ka 50, ndipo ngakhale injini imataya gawo lalikulu la mphamvuyo ngati kutentha, yotsalayo imaposabe batire kutalitali. Maganizowa ndi abwino papepala pokha. Aliyense amene anagonapo moyandikana ndi jenereta magetsi atathima akudziwa phokoso lake, ndipo msilikali wobereka injini yolira ndi yotentha kumsana amamveka patali komanso amaoneka bwinobwino pa makamera oona kutentha usiku.

Mukatha za batire, werengerani kulemera kwa chishango, chifukwa timakanema tija timalonjezanso kuti chipolopolo sichilowa paliponse. Chimbale chimodzi cha seramiki chimene asilikali amaika pachifuwa kuti chiimitse chipolopolo cha mfuti yaikulu chimakhala pafupifupi masentimita 25 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndipo chimalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Khungu la munthu wamkulu ndi lalikulu pafupifupi masikweya mita 1.8, choncho kuti mukute thupi lonse mufunika zimbale zoterozo zokwana 24, zomwe ndi makilogalamu 60, musanawerengere mafupa achitsulo, mamota, batire, mfuti, zipolopolo, madzi ndi chakudya. Ngakhale mutatero, m'khwapa, m'khosi, m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo simungaikemo chimbale cholimba, chifukwa munthu ayenera kupinda. Chishango chimenechi sichithandizanso kwambiri bomba likaphulika pafupi, pakuti mphepo ya kuphulikako imagwedeza ubongo ndi mapapo ngakhale chitsulo chisanabooke.

Funso limene anthu ambiri amaliiwala, ndipo kwa ine ndi lofunika kuposa onse, ndi lakuti kodi munthu wovalayo akutopa pang'ono kapena kwambiri kusiyana ndi mmene akanatopera popanda chovalacho. Yesani nokha kuti mumvetse. Tsiku lina muyende kuchokera ku Kawale kupita ku Old Town mutabereka chikwama cha makilogalamu awiri, ndipo tsiku lotsatira muyende njira yomweyo mutavala magamubutsu omata dothi lonyowa lolemera kilogalamu imodzi phazi lililonse. Kulemera n'kofanana, koma tsiku lachiwirili mudzafika mukupuma mwawefuwefu, chifukwa katundu wa kuphazi mumamunyamula ndi kumuponya kutsogolo pa sitepe iliyonse, ndipo amatopetsa kangapo kuposa wa kumsana. Chovala cha makina chimaika zitsulo m'miyendo momwemo. Kuwonjezera apo, mota ikachedwa pang'ono chabe kutsatira bondo, munthu amayamba kulimbana ndi makinawo mmalo moti azimuthandiza. Chovala cha HULC, chimene kampani ya Lockheed Martin inayamba kuchikonzera asilikali mu 2009, chinkalemera pafupifupi makilogalamu 24 ndipo chinapangidwa kuti chizinyamula katundu wofika makilogalamu 90, koma pochiyesa zinapezeka kuti asilikali ankagwiritsa ntchito mphamvu zambiri za thupi poyenda nacho, ndipo sichinalowe m'gulu la zida za nkhondo. Choncho wotsatsa akakuuzani makilogalamu amene chovala chake chimanyamula, mufunseni zotsatira za kuyeza mpweya umene wovalayo amapuma ndi kugunda kwa mtima wake pa ulendo wautali.

Kenaka chichotseni chovalacho m'chipinda choyera cha m'kanemamo, ndipo m'maganizo mwanu muchibweretse kwathu kuno. Muchiyendetse pa fumbi lofiira la mu Okutobala limene limalowa ngakhale m'foni yotsekedwa bwino, muchiwolotse dambo mu Febuluwale pamene matope amameza nsapato, kenaka mumuuze wovalayo kuti adzigwetse pansi, akwawe, alowe pa khomo la nyumba ya zidina ndi kukwera lole. Munthu woyenda ndi katundu amatulutsa kutentha kochuluka, ndipo mukamutsekera m'chigoba thukuta siliuma, kotero pamafunika makina oziziritsa amene nawonso amadya batire lomwe lija. Mufunsenso zimene zimachitika batire likatha kapena waya mmodzi akaduka zipolopolo zili mkati molira, ndiponso kuti anzake angamutulutsemo m'masekondi angati atavulala.

Mbiri imatsimikizira masamuwa. Kampani ya General Electric inayamba kupanga Hardiman mu 1965, chimakina chovala cha makilogalamu 680, ndipo pofika 1971 ntchitoyo inatha chisanayende bwino ndi munthu mkati. Mu 2013 Admiral William McRaven, amene ankatsogolera asilikali apadera a America, analengeza za TALOS, chovala chimene chinayenera kuteteza msilikali woyamba kulowa pa khomo la adani. Pulogalamuyo inatsekedwa mu 2019 popanda chovala chokonzeka kupita kunkhondo, ndipo limodzi mwa mavuto aakulu linali la magetsi.

Zimene zikuoneka kuti zili ndi tsogolo ndi zazing'ono ndiponso zosachititsa chidwi pa kanema. Mu 2022 akatswiri a ku Vanderbilt University ku America, mogwirizana ndi gulu la asilikali a dzikolo lotchedwa 101st Airborne Division, anayesa kachovala kotchedwa SABER kolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, kopanda mota ngakhale batire. Kali ndi malamba otamuka amene amakokeka munthu akawerama n'kumuthandiza podzuka, ndipo anakapangira asilikali a mizinga, amene amaswa tsiku akunyamula mabomba. Bomba limodzi la mzinga wa mamilimita 155 limalemera pafupifupi makilogalamu 43, pang'ono kufika thumba la feteleza, ndipo amene anaonapo anyamata aganyu akutsitsa matumba m'lole ku Kanengo akudziwa chimene ntchito yotere imachita ku msana wa munthu pakatha zaka zochepa.

Pomaliza penipeni pa kupima kwanu, yang'anani mtunda umene uli pakati pa wovalayo ndi malo otchajira. Ntchito zopakira zida m'ndege ndi m'malole, zokonza magalimoto ankhondo, zonyamula ovulala pa mtunda waufupi kapena zochotsa miyala ndi mitengo pambuyo pa ngozi ngati ya namondwe Freddy mu 2023 zimachitikira pafupi ndi galimoto kapena jenereta, kumene batire la maola anayi likhoza kusinthidwa ndi lina popanda vuto. Pa pepala lanu lija, makilogalamu 144 aja amatsika kufika pa 8, ndipo chishango cha makilogalamu 60 sichifunikanso chifukwa palibe amene akukuwomberani m'nyumba yosungira katundu.