Mphaka wandiluma pa chala, ndichite chiyani?

Mwafunsa ngati mungolisiya balalo poti ndi laling'ono. Ayi, musalisiye. Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano, amalowetsa tizilombo mkati kwambiri, pamwamba n'kutsekeka msanga.

Choyamba vulani mphete chala chisanatupe. Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Ngati mulibe mpope, wina azikuthirirani ndi kapu kuchokera m'ndowa. Muziyang'ana wotchi, chifukwa dzanja limatopa msanga. Magazi akamatuluka kwambiri, panikizani ndi nsalu yoyera.

Kenako pakani ayodini kapena spiriti. Phulusa, tsabola ndi zitsamba, ayi ndithu.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafotokoze ngati mphakayo ndi wanu komanso ngati anabayidwa katemera. Akaona ngati mukufunika katemera wa chiwewe, wa kafumbata ndi mankhwala opha tizilombo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, choncho malizani jakisoni yense pa masiku amene akuuzeni.

Mphakayo muzimuyang'anira kwa masiku 10, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Chala chikatupa, kufiira, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala ngakhale ndi usiku.