Momwe mungakonzekerere kuthamanga makilomita 50 m'mapiri a ku Dedza kuno

Mpikisano wa marathon uli ndi mlingo umodzi padziko lonse, makilomita 42.195. Ukangopitirira pamenepo amautcha ultramarathon, ndipo waufupi mwa mipikisano yotereyi kawirikawiri umakhala wa makilomita 50. Ina ndi ya mumsewu wa tala, monga Comrades wa ku South Africa, amene anayamba mu 1921, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo aliyense amapatsidwa maola 12 basi. Ina ndi ya m'tinjira ta m'mapiri, ta miyala ndi mizu. Wotchuka kwambiri ndi UTMB, umene umayambira ku Chamonix m'dziko la France n'kuzungulira phiri la Mont Blanc kudzera ku Italy ndi ku Switzerland, makilomita pafupifupi 170. Kwathu kuno ambiri timadziwa Porters Race ya ku Mulanje, yochokera pa Likhubula kukwera ku Chambe ndi ku Lichenya. Mtunda wake sufika pa marathon, koma amene anautha adzakuuzani zimene phiri limachita ndi ntchafu za munthu.

A ku Dedza tili ndi mwayi umene anzathu a ku Lilongwe amachita kuulipirira minibasi. Boma lathu lili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Malo ophunzirira tili nawo kuseri kwa nyumba. Chimene chimatigwetsa ndi phuma.

Choyamba: dziwani pamene muli

Ngati simunafike pothamanga makilomita 15 kapena 20 n'kudzuka bwinobwino mawa lake, za 50 ziyambe zadikira. Thamangani katatu kapena kanayi pa sabata kwa miyezi ingapo kufikira thupi litazolowera. Mukafika pamenepo, dzipatseni miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yokonzekera. Pitaninso kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, makamaka ngati mwadutsa zaka 40. Thupi likatentha, kayezetseni malungo ndipo nsapato zikhale pansi pa bedi mpaka mutachira ndithu.

Chachiwiri: werengani maola, makilomita asiyeni

M'phiri kilomita imanama. Ya mumsewu wa M1 mutha kuimaliza m'mphindi 6, koma ya pachikweza chopita kunsonga ingakudyereni mphindi 15 kapena kuposa. N'chifukwa chake ndandanda yanu ikhale ya nthawi. Pakati pa sabata thamangani katatu, mphindi 45 mpaka ola limodzi, pa liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Loweruka likhale la ulendo wautali: yambani ndi ola ndi theka, muziwonjezera mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse, mpaka mudzafike maola 5. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani, thupi lipezeko mpumulo. Minofu imakula pamene mukupuma ndi kugona.

M'miyezi iwiri yomaliza, yesani kawiri kapena katatu kulumikiza masiku: maola anayi Loweruka, kenako maola awiri Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi kapena m'mamawa musanapite. Miyendo ya tsiku lachiwirilo, yolemera ngati mwamangirira njerwa, ndiyo mudzayende nayo kuyambira pa kilomita 35.

Njira zilipo zambiri. Msewu wokwera ku nsanja za pamwamba pa phiri la Dedza umakukwezani mamita pafupifupi 600 kuchokera m'tauni, ndipo kukwera ndi kutsika kawiri ndi ntchito yokwanira tsiku limodzi. Kumbali ya Chongoni kuli timapiri ndi tinjira tosatha. Amene akufuna chikweza chachitali atsike pa Masasa kulowera ku Golomoti n'kubwerera, koma anyamuke kusanache, chifukwa kumunsi kuja ndi dziko lina: kumatentha pamene ife ku boma tili m'majuzi, ndipo pamakona paja magalimoto samakuonani msanga.

Chachitatu: phunzirani kuyenda, kenako phunzirani kutsika

Apa ndi pamene anyamata ambiri ochokera ku mpira amakana kumva. Pa chikweza chenicheni, yendani. Ngakhale akatswiri a ku Chamonix amayenda pamalo otere, manja atagwira m'maondo, akukankha ntchafu. Kuthamanga pamenepo kumawonjezera liwiro pang'ono chabe koma kumamaliza mphamvu zambiri. Muyezo wake ndi mpweya: mukayamba wefuwefu moti simungathe kuyankha moni, sinthani muyambe kuyenda. Komatu kuyenda kwake si kwa kumaliro. Taonani amayi otsika ndi kukwera ndi mitolo ya nkhuni m'phirimo, mapazi afupiafupi, osaima, msana uli chilili. Yendani choncho, ndipo muziyeserera dala pophunzira, chifukwa kuyenda mwachangu pachikweza kuli ndi minofu yakeyake.

Matsitso ndiwo amapha. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, imakokeka uku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, ndipo imang'ambika tizigawo ting'onoting'ono. Ululu wake sumveka nthawi yomweyo. Ine ulendo wanga woyamba wa makilomita 50, umene tinangopangana ndi anzanga atatu, ndinatsika phiri loyamba ngati mbuzi yothawa galu, n'kumaseka anzanga kuti akalamba. Pofika pa kilomita 34 ndinali nditakhala pakhonde la kagolosale kena, miyendo ikunjenjemera, ndikulephera kutsika ngakhale kasitepe ka pakhondepo. Anzanga aja anandipeza, anandigulira Fanta, n'kupitirira. Ndinabwerera kunyumba pa kabaza. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo tsiku limenelo mwambiwu ndinaumva ndi ntchafu.

Mankhwala ake ndi kutsika kawirikawiri pophunzira, pang'onopang'ono, kuti minofu ikhwime. Ponyani mapazi afupiafupi koma ofulumira, maondo opinda pang'ono, phazi ligwere pansi pa thupi lanu osati kutsogolo kwenikweni. Musagonere chagada poopa kugwa, chifukwa ndi pamene chidendene chimaterereka. Maso akhale mapazi atatu kapena anayi patsogolo. Pansi pa mitengo ya paini samalani: masamba ake ouma amaterera ngati sopo, ngakhale m'chilimwe.

Chachinayi: mimba nayo iphunzire

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amangokwanira maola awiri kapena kucheperapo mukamathamanga molimba. Makilomita 50 a m'phiri angakutengereni maola 7, 8, ngakhale 10. Wosadya m'njira samaliza. Mlingo wodziwika ndi magalamu 30 mpaka 60 a shuga ndi sitachi (carbohydrates) wa m'chakudya pa ola lililonse. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu oposa 20 pang'ono a zimenezi, ndiye werengani kuyambira pamenepo.

Musavutike ndi timapaketi todula timene mumaona pa intaneti. Dedza ndi kwawo kwa mbatatesi. Phikani ting'onoting'ono, muwaze mchere, muike m'kajumbo. Palibe chakudya cha m'phiri chimene ndachipeza choposa chimenechi, makamaka pamene zotsekemera zayamba kukunyansani, zimene zimachitika ndithu pakatha maola anayi. Mbatata ya kholowa yowotcha, nthochi, chikondamoyo, buledi wopaka uchi, zonsezi zimayenda. Mtedza pang'ono chabe. Mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya zisungeni za pomaliza, mafuta amachedwa kugayika. Thobwa ena limawayanja, ena limawatsegula m'mimba, ndiye liyeseni Loweruka wamba pafupi ndi kunyumba. Lamulo ndi limenelo pa chakudya chilichonse: chimene simunachiyese pophunzira chisalowe m'kamwa tsiku la mpikisano. Yambani kudya pakangotha mphindi 40, njala isanabwere, kenako kachidutswa mphindi 30 zilizonse.

Madzi imwani mukamva ludzu, pang'onopang'ono. Kumwa mopitirira muyeso kulinso ndi ngozi yake, kumasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kutupa zala, kumva mutu ndi kusokonezeka. Botolo limodzi likhale la madzi okha, lina la Thanzi ORS kapena losakaniza nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Dziwiranitu pamene pali mijigo m'njira yanu. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera bwanji, athireni WaterGuard ndipo mudikire mphindi 30.

Chimodzi ndikupempheni: musamwe brufen kapena diclofenac muli m'njira pofuna kuziziritsa ululu. Thupi likakhala louma, mankhwala amenewa amapweteka impso. Ndipo mukaona mkodzo wakuda ngati Coca-Cola mutathamanga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachisanu: za kuphazi ndi za kumsana

Nsapato za pa kaunjika zimagwira ntchito bwino mukadziwa kusankha. Tembenuzani muone kunsi: zikhale ndi mano okuya, osati zosalala za mumsewu. Zipindeni muone ngati kunsiko sikukumatuka. Kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu cha kumanja, chifukwa mapazi amatupa ndipo potsika zala zimagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda n'kugwa. Kagule madzulo mapazi atatupa kale, mutavala sokosi zomwe muzidzathamangira. Wengani zikhadabo, pakani Vaseline pakati pa zala, m'mphechepeche ndi m'khwapa.

M'kachikwama ka kumsana mukhale jekete yotchinga mphepo, tochi, foni yodzaza moto, pulasitala, bandeji ndi ndalama pang'ono za kabaza. Jeketeyo musaisiye ngakhale kutacha bwino. Kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo mu June ndi July nkhungu ikatsika paphiri, munthu wonyowa ndi thukuta amene wabinya kakolo amayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa.

Chachisanu ndi chimodzi: njira ili ndi eni ake

Mapu a pafoni sadziwa manda, sadziwanso dambwe. Kuno ndi kwawo kwa gule wamkulu, ndipo kankhalango kowirira pakati pa minda si kodutsamo chifukwa choti mwaona chidule. Funsani, safunsa anadya phula. Perekani moni kwa amene mwawapeza, ndipo ngati muli gulu lodutsa m'mudzi kawirikawiri, kaonekereni kwa amfumu. Mukakumana ndi maliro, imani kuthamanga, vulani chipewa, yendani. M'nkhalango za boma dziwitsani a zankhalango. Ku Chongoni, zojambula za pamiyala zija zili pa mndandanda wa bungwe la UNESCO wa malo oyenera kusungidwa padziko lonse kuyambira 2006, ndiye musazikhudze ndi manja a thukuta pojambulitsa. Kumbukiraninso kuti chakum'mwera, cha ku Lizulu uko, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni. Mukapatukira kumadzulo mwalowa mu Mozambique osadziwa.

Musapite nokha ulendo wautali. Zikakanika, uzani wina kunyumba njira yanu ndi nthawi yobwerera. Miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino. September ndi October kumatentha ndipo kumakhala moto wolusa, pamene m'dzinja mphenzi paphiri si yoseweretsa.

Pomaliza: masabata atatu otsiriza ndi tsikulo

Ulendo wanu wautali kwambiri ukhale kutatsala masabata atatu. Kuchokera apo chepetsani, sabata yomaliza muzingothamanga mphindi 30 kawiri kapena katatu. Mudzamva ngati mphamvu zikuthawa, koma musawonjezere kanthu. Usiku womaliza idyani nsima kapena mpunga ndi ndiwo zimene mimba yanu imazidziwa, nyemba ndi kabichi ziyambe zapuma. M'mawa phala ndi tiyi, kutatsala maola awiri kapena atatu.

Akangoti yambani, aleke akupitirireni, ana asukulu ndi agogo omwe. Makilomita 15 oyamba muzimva ngati mukuchita ulesi. Mtundawo muugawe m'mutu: kufika pamjigo, kufika pa tchalitchi, kufika pamwala uja. Nthawi ina pakati pa kilomita 30 ndi 40 mtima udzada, mudzayamba kuwerenga zifukwa zosiyira, ndipo zonse zidzamveka zanzeru. Musagamule kanthu muli ndi njala. Yendani, idyani mbatatesi ziwiri, imwani, dikirani mphindi 20, kawirikawiri mdimawo umachoka. Koma chizungulire chosatha, kusanza kosalekeza, kupweteka pachifuwa kapena ululu wobaya pafupa ndi zina. Pamenepo imani, itanani kabaza.

Mukafika, valani jekete musanakhale pansi, idyani chakudya chotentha, ndipo mawa lake muyendeko pang'ono ngakhale miyendo ikane. Masitepe mudzatsika chafutambuyo kwa masiku awiri kapena atatu. Kuthamanga muyambirenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pamalo athyathyathya, cha kubwalo la mpira.