Kusankha makina owotcherera oyenda nawo m'misewu yoipa ya kumpoto

Galimoto yotsikira ku Usisya, yolowa ku Nyika kupitirira geti la Thazima, kapena yokwera msewu wa Golodi kuchokera pa Chitimba, kawirikawiri siigonja injini. Zimene zimathyoka ndi zitsulo zogwirizira: bulaketi ya shoko, pomangirira sipuling'i, chogwira ekizozi, keriya ya pamwamba, mwinanso chassis kung'aluka pafupi ndi bokosi la chiwongolero. Zambiri mwa izi ndi zitsulo zokhuthala mamilimita 3 mpaka 6, ndipo rodi yowotcherera ya 2.5 mm imazikwanitsa. Musaiwale nambala imeneyi, chifukwa ndi imene ikuuzeni kukula kwa zonse zimene mugule.

Musanafunse mtengo wa makina, dzifunseni kuti magetsi mukawatenga kuti. Makina ang'onoang'ono a inverter amene adzaza m'mashopu mu Mzuzu, olemera makilogalamu 3 mpaka 6, amadya 230 V, ndipo kumene mwathyokerako kulibe soketi ya ESCOM. Ndiye kuti makinawo ndi jenereta muziwerengere limodzi.

Rodi ya 2.5 mm imafuna ma amp 70 mpaka 90. Pamoto penipenipo ndi mphamvu ya pafupifupi 2 kW, koma makina otchipa amakoka magetsi mowononga, moti jenereta imamva katundu wa 3.5 kapena 4 kVA, ndipo rodi ikamata pachitsulo katunduyo amalumpha mwadzidzidzi. Choncho tengani jenereta ya 5 kVA. Ngati mukufuna kugwiritsanso rodi ya 3.2 mm, imene imadya ma amp 100 mpaka 130, pafunika ya 6.5 kapena 7 kVA. Ikhale ndi AVR, kachipangizo kokhazika magetsi pamlingo umodzi. Popanda iko magetsi amakwera ndi kutsika mpaka kupsereza bolodi ya m'makina. Tijenereta tating'ono toyatsira mababu ndi wailesi pamaliro tisiyeni kunyumba. Kumbukiraninso kukwera kwa malo: injini ya petulo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera. Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, Chelinda pafupifupi 2,300, ndiye jenereta imene ikuchita kukwanira ndendende m'tauni muno ikafika ku Nyika izingotsamwa.

Pamakinawo, manambala aakulu olembedwa m'mbali monga 300 kapena 400 musawakhulupirire. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 A, kutanthauza pafupifupi 3 kW, pomwe kutulutsa ma amp 300 kumafuna mphamvu yoposa 9 kW. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo kapena pansi. Funani pamene alemba 60%: nambala ya ma amp ili pansi pakeyo ndi imene makina angagwire kwa mphindi 6 pa mphindi 10 zilizonse asanazime okha ndi kutentha. Ikakhala 100 kapena kuposa, akukwanirani. Onaninso U0, magetsi a pa holda (chogwirira rodi) rodi isanakhudze chitsulo: akafika 65 V kapena kuposa, rodi zovuta kuyatsa zimayaka bwino. Kenaka sendani pang'ono kumapeto kwa waya. Mawaya ambiri obwera ndi makina otchipa ndi aluminiyamu wopaka kopa, amatentha ndi kuduka. Sinthani ndi kopa weniweni wa 25 mm².

Vuto la njira iyi ndi kulemera. Jenereta ya 5 kVA ndi katundu wa anthu awiri, ndipo imatenga malo a matumba angapo kumbuyo kwa galimoto.

Amene mulibe malo, kapena mumayenda magalimoto awiri atatu pamodzi, phunzirani kuwotcherera ndi mabatire. Chotsani mabatire m'galimoto, muwaike pansi mamita angapo kutali ndi pamene mukuwotcherera. Lumikizani positive ya loyamba ku negative ya lachiwiri, positive ya lachiwiri ku negative ya lachitatu. Waya wa earth, womangidwa pachitsulo chimene mukuwotcherera, achoke pa negative yotsala, holda ichoke pa positive yotsala. Mabatire awiri amapereka 24 V, imene imayatsa rodi ya 2.0 kapena 2.5 mm movutikira. Atatu amapereka 36 V, moto wake ndi wamphamvu, moti pachitsulo chopyapyala umaboola. Palibe chosinthira ma amp: moto ukachuluka, ikani rodi ya 3.2 mm kapena talikitsani waya. Zolumikizira zikhale tiwaya tifupitifupi ta 25 kapena 35 mm² tokhala ndi materminal omanga ndi sipanala, chifukwa mano a waya wojampira galimoto amagwira pang'ono, amatentha n'kusungunula mtovu wa pabatire. Rodi ikamata, ipotozeni ichoke nthawi yomweyo. Pamenepo batire likutulutsa ma amp mazanamazana. Batire limatulutsanso mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kochepa, ndiye liphimbeni ndi chiguduli chonyowa cha thonje kapena mphasa ya labala. Wotchererani pang'onopang'ono, rodi ziwiri kapena zitatu basi, kuti batire litsale ndi mphamvu yoliza injini.

Kulinso makina omangirira pa injini amene amagwira ntchito ndi alternator yapadera, ndi ena a batire la lithium. Amagwira bwino, koma ndi okwera mtengo, ndipo zipangizo zake zikawonongeka muyitanitsa kunja. Inverter yosandutsa 12 V kukhala 230 V musaidalire: kuti ipereke 3 kW imakoka ma amp oposa 250 pabatire limodzi. MIG, yowotcherera ndi waya ndi gasi m'malo mwa rodi, nayo kutchire n'njovuta, mphepo imauluza gasi, botolo n'lolemera.

Nkhani ya marodi ndi imene ambiri amaiphonya. E6013 ndiyo yopezeka paliponse, yosavuta kuyatsa, yabwino pa bulaketi ya ekizozi ndi keriya. Pa chassis ndi pomangirira sipuling'i pamafunika E7018, holda ikhale ku positive. Koma 7018 imayamwa chinyezi, ndipo chinyezi mu Mzuzu sichisowa. Rodi yonyowa imalavula, imasiya timabowo, powotchererapo n'kudzang'aluka pambuyo pake. Gulani paketi yosatsegula, mudule paipi ya PVC ya 50 mm yotalika masentimita 40, muikemo marodi 20 a mtundu uliwonse, mutseke mbali zonse. Mukapeza E6011, tengani ingapo. Imalowa bwino pachitsulo cha dzimbiri chimene simungachipale.

Pokonza mng'alu, yambani ndi kuchotsa waya wa negative pabatire, onse awiri ngati galimoto ili ndi mabatire awiri, kuti muteteze alternator ndi kompyuta ya injini. Kwezani ndi jeke mpaka mng'alu utsekeke. Boolani kabowo ka 5 kapena 6 mm kumapeto onse a mng'aluwo kuti usapitirire. Palani penti ndi dzimbiri, mukumbe kamsewu kooneka ngati V motsata mng'alu. Earth imangidwe pachitsulo chopala, pafupi kwambiri ndi pamene mukuwotcherera. Ikakhala kutali, magetsi amadutsa m'mabering'i n'kuwapsereza. Gwirizani kaye timadontho, kenaka wotchererani masentimita 3 kapena 4, gogodani makoko, dikirani pazizire. Pa chassis ikanipo chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana, chosongoka mbali zonse ziwiri, chifukwa mzere wowongoka wodula chassis chopingasa ndi umene umadzabala mng'alu wina. N'chifukwa chake m'bokosi musasowe zidutswa za flat bar ya 40 x 5 mm ndi angle iron, girayinda ya batire, hamala, bulashi ya waya, magolovesi achikopa ndi chigoba cha galasi nambala 10 kapena 11. Magalasi adzuwa sateteza. Usiku wake maso amalasa ngati mwalowa mchenga.

Zina musaziyese. Tsamba la sipuling'i ndi chitsulo chowumitsidwa, likawotcheredwa limathyokanso pambali pomwepo. Limangeni ndi chitsulo china ndi maU-bolt. Limu imene ili ndi tayala siwotcheredwa ngakhale mutaphwetsa, chifukwa kutentha kumayambitsa mpweya m'kati mwa tayala mpaka kuphulika. Thanki ya mafuta, ayi. Tie rod, yolumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo, ikaduka, kuwotcherera n'kongokufikitsani ku Rumphi kapena ku Mzuzu mukuyenda pang'onopang'ono, mukagule ina.

Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala udzu wa ku Nyika ndi masamba a paini ku Chikangawa zimagwira moto ndi kamoto kochepa. Lambulani mamita atatu kuzungulira galimoto, tchingani mapaipi a mafuta ndi a mabuleki ndi lata kapena chiguduli chonyowa, ndipo munthu mmodzi aime ndi chigubu cha madzi cha malita 20 kapena chozimitsira moto, chifukwa wovala chigoba saona moto ukayamba kumbuyo kwake.