Masabata 6 oyamba tikuwataya: BCG si wodikira sikelo

Chiyambireni kuzizira kwa chaka chino, ndakhala ndikutsegula mabuku a ana ku sikelo mtima ukundiwawa. Mwana wakwana masabata 6, wabwera kudzayamba katemera, koma mzere woyamba m'buku mwake, wa katemera wa BCG, uli mbee. Ndikavundukula phewa, khungu lili see, chipsera palibe. Ndikafunsa, mayankho ake ndawaloweza kale. "Tinati tidzabayitsa limodzi ndi enawo." Wina akuti, "Anatitulutsa Loweruka, obaya kunalibe." Winanso akuti, "Agogo ake anakana, mwana sangapite pagulu asanatengedwe."

Amayi ndi abambo, BCG ndi katemera wa tsiku lobadwa. Akalephereka tsiku limenelo, ndi wa mawa lake kapena mkuja. Si wa mwezi wamawa.

Ndikudziwa chimene chimakupusitsani. Munamva kuti ameneyu ndi katemera wa chifuwa chachikulu (TB), ndiye mukayang'ana pakhomo n'kuona kuti palibe amene akutsokomola, mumati changu n'chachiyani. Zoti TB ikagwira khanda imathamangira ku ubongo n'kuumitsa khosi, kapena kumwazikira thupi lonse, ndiponso kuti BCG amatchinga kwambiri mitundu yoopsayi, sindibwerezanso, takhala tikuziimba m'nyimbo za ku sikelo zaka ndi zaka. Chimene ndikufuna mumve lero ndi china: katemerayu amathandizanso khanda kulimbana ndi matenda ena amene si TB, makamaka a m'chifuwa ndi a m'magazi, ndipo thandizo limenelo limagwera m'masabata omwe inu mukudikirawa.

Ku Entebbe, m'dziko la Uganda, anachita kafukufuku wofanana ndendende ndi zimene tikuchita kuno. Anatenga makanda 560, theka anawabaya BCG tsiku lobadwa, theka linalo anadikira masabata 6. Zotsatira zinatuluka mu 2021. M'masabata 6 oyambawo, ana obayidwa msanga anadwala matenda opatsirana mochepa, kusiyana kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ochedwa aja atabayidwa, kusiyanako kunatha. Ndiye kuti chimene anataya ndi masabata aja basi, ndipo sabwezeka. Ku Guinea-Bissau, bungwe la Bandim Health Project linayesa pa ana obadwa ochepa thupi, osakwana makilogalamu awiri ndi theka, amene kale ankauzidwa kuti ayambe anenepa. Ataphatikiza kafukufuku wawo wa maulendo atatu, imfa za m'mwezi woyamba zinatsika ndi 38 pa 100 alionse mwa ana obayidwa msanga. Imfa zimene zinachepazo sizinali za TB, zinali za matenda a m'magazi ndi a m'chifuwa.

Zimatheka bwanji? BCG ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, kochokera ku TB ya ng'ombe. Albert Calmette ndi Camille Guérin anakalera zaka 13 ku France mpaka kanatha ukali, ndipo mwana woyamba analandira mu 1921 ku Paris. Kakalowa pakhungu la khanda kamadzutsa asilikali a m'thupi amene mwana amabadwa nawo, aja osasankha mdani. Akatswiri a ku Nijmegen ku Netherlands, motsogozedwa ndi Mihai Netea, anaonetsa kuti asilikali amenewa akakumana ndi BCG amakhala tcheru, ndipo kukabwera kachilombo kena amalimbana nako mwamphamvu kuposa akadapanda kudzutsidwa.

Tsono taganizani. Katemera wa chibayo, amene tinayamba kubaya kuno mu 2011, amayamba pa masabata 6. Asanafike pamenepo, khanda lili ndi bere la mayi ake ndi BCG. Inu n'kuchotsapo chimodzi, m'mwezi wa Juni kapena Julaye, pamene zitseko zatsekedwa, moto ukufuka m'nyumba, anthu asanu agona chipinda chimodzi, ndipo alendo odzaona mwana akulandizana khandalo mphuno zili chuchuchu. Mumakana kupita nalo kuchipatala poopa anthu, koma anthu omwewo mumawalandira pamphasa ndi chimfine chawo. Miyambo ya kuchikuta ndimailemekeza, inenso ndinabadwira momwemo, koma palibe mwambo umene umasweka chifukwa chakuti namwino wagwira phewa la mwana. Ndatopa kumva kuti "makolo athu sankabayitsa." Funsani agogo omwewo kuti anabereka angati ndipo anakula angati.

Mwana wa masabata atatu akagwidwa chibayo, mtengo wake mumaudziwa. Kabaza wa usiku amatchula yekha ndalama. Kuchipatala chaching'ono akutumizani ku boma, mayi agona pansi masiku angapo mwana ali pa mpweya, bambo agulitsa matumba a chimanga chongokolola kumene pa mtengo wolira, chimanga chimene chikanawafikitsa mu Febuluwale. Amenewo ndi amwayi, obwerera ndi mwana kumsana.

Sabata yatha ndinakumana ndi bambo wina wolima mtedza, amene mdzukulu wake anali m'gulu la ochedwawa. Ndisanayambe n'komwe, iye anayamba kundisimbira za nkhuku zake. Akuti chaka china wodontheza katemera wa chitopa anafika m'mudzi, iye n'kumuuza kuti abwerenso akagulitsa mtedza. Pasanathe mwezi khola lonse linali gwaa, kunatsala tambala mmodzi wopindika khosi. Kuyambira pamenepo, akuti, akangomva kuti wa katemera wafika amasiya khasu m'munda, ngakhale ndalama yake ikhale yobwereka. Anafotokoza monyadira, mpaka kuwerenga nkhuku zimene ali nazo lero. Nditamufunsa kuti nanga mdzukuluyu wadikiriranji mwezi ndi theka, anakhala chete, kenako anati, "Alangizi, zimenezo ndimayesa n'za azimayi." Si za azimayi okha ayi. Njinga ndi yanu, bambo.

Nafenso a zaumoyo tili ndi mlandu wathu. Kabotolo ka BCG kamakhala ndi katemera wa ana 20, ndipo kakasungunulidwa kamatayidwa pakatha maola 6. Poopa kuwononga, m'malo ena amauza mayi kuti adzabwere tsiku lakuti ana akachuluka. Mayi wochokera kutali, bala lisanapole, sabweranso. Kutaya kabotolo ndi kutaya mwana sizilingana, ndipo ndimawauza anzanga zimenezi maso ndi maso.

Koma musamve mopitirira. Akuluakulu musabwere kudzapempha BCG kuti akutetezeni ku chimfine. Ku Karonga, pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku, ndipo kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi theka koma sikunatchinge TB ya m'mapapo. Pa nthawi ya COVID-19 anayesanso pa ogwira ntchito zachipatala ku Australia ndi maiko ena, sanatetezedwe. Phindu lodalirika lili pa khanda.

Chochita n'chachidule. Musatuluke m'chipinda cha amayi oyembekezera musanaone BCG ndi polio woyamba zitalembedwa m'buku. Ngati palibe, funsani tsiku lenileni ndipo bwerani sabata yomweyo. Mwana akabadwira panjira kapena kunyumba, mubwere naye msanga, musadikire mchombo. Wochepa thupi amene akuyamwa bwino, funsani namwino, musadziweruzire nokha. Ngati mayi ali ndi HIV kapena akumwa mankhwala a TB, nenani poyera, ndondomeko yake ilipo. Pakapita masabata awiri kapena atatu paphewa patuluka kachotupa, mwina kachita mafinya: osafinya, osapaka phulusa, osatema mphini, kadzauma kokha n'kusiya chipsera. Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, nthiti zikulowa m'kati, likukana bere, latentha kapena lazizira thupi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya linabayidwa kaya ayi.