Kukonza zithunzi za minda ya tiyi

Inu amene mumajambula minda ya tiyi ku Thyolo kapena m'munsi mwa phiri la Mulanje nthawi ya masika, mvula itangosiya, chonde musakokere saturation (mphamvu ya mitundu pa chithunzi) m'mwamba. Tiyi ndi wobiriwira kale. Mukawonjezera amaoneka ngati pulasitiki, ndipo katondo wa m'misewu amafiira mopyola muyeso. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pomwe mitundu imakonzedwa payokhapayokha, mutsitse pang'ono wachikasu, chifukwa tsamba lanthete lili ndi chikasu chambiri kuposa mmene diso limaonera.

Chiperoni chikayamba mu June ndi July mitundu imazilala, ndipo pamenepo ine ndimakonda black and white. Tsitsani highlights (malo owala kwambiri pa chithunzi) kuti nkhungu isayere mbee mpaka kumeza thanthwe la Chambe pa phiri la Mulanje. Vuto la black and white n'lakuti tiyi, mitengo ndi dothi zimafanana, zonse zotuwa. Mu Snapseed, pulogalamu inanso yokonzera zithunzi, sankhani fyuluta yobiriwira: tiyi amawala, dothi limada, mizere ya m'munda imaoneka bwino. Contrast (kusiyana kwa malo owala ndi akuda) muwonjezere pang'onopang'ono, mukuyang'ana mithunzi ya m'zigwa kuti isade bii.

Konzani chithunzi muli pamthunzi, popeza padzuwa sikirini ya foni imanamiza.