Mmene mungajambulire nkhani ya chilengedwe popanda kujambula nkhope ya Chauta

Anthu ambiri akati ajambule chilengedwe amathamangira mdala wa ndevu zoyera atakhala pamtambo, basi kwatha. Ine ndimati ayi, nkhope ija isiyeni kaye, mtima wa Chauta uoneke mu zinthu zomwe wapangazo.

Choyamba sankhani mphindi imodzi, osati nkhani yonse pa bolodi imodzi. Tengani ya m'nthano ya Achewa ya thanthwe la Kaphirintiwa ku Dzalanyama: Chauta akutsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama, thanthwe likadali lofewa mpaka mapazi kudindika. Pamenepo lembani ndi khala mapazi okha pamwala, madontho a mvula, kenako uta wa Leza kumtunda, aliyense aona yekha kuti apa Mwini wake ngokondwa.

Koma pokoma penipeni mpamoto. Munthu wapekesa timitengo, tchire layaka, galu ndi mbuzi athawira kwa munthu, njovu ndi mkango alowa m'nkhalango ali lunda, nanzikambe wakwera mumtengo, ndiye kangaude waluka ulusi womwe Chauta wakwerera kumwamba pothawa motowo. Chisoni chimenecho mungachionetse bwanji? Pansi ponse pakani zofiira ndi zakuda mosanyengerera, bulashi yaikulu, mizere yokhotakhota, koma ulusi wa kangaude ukhale umodzi, woyera, wowonda ngati tsitsi, uzikwera mpaka kutuluka kunja kwa chithunzi. Kumtundako musadzazeko kanthu. Ndikudziwa dzanja limayabwa kufuna kuikapo kambalame kapena kamtambo, ligwireni. Ngakhale Michelangelo, katswiri wojambula wa ku Italy, ku Sistine Chapel, tchalitchi cha ku Vatican, padenga lomwe anamaliza kujambula mu 1512, mphamvu yonse ili pa kampata kali pakati pa chala cha Mulungu ndi cha Adamu.

Penti akadula musadandaule, katondo wosefa amapereka kufiira, mwaye kapena makala osinja kuda, njereza kuyera, mungosakaniza ndi guluu wa matabwa ndi timadzi pang'ono kuti zisamayoyoke. Yesani kaye pa katoni chifukwa dothi likauma limayererako.

Mukapeza mpata pitani ku Mua ku Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe wansembe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone mmene amisiri akumeneko amasakanizira Baibulo ndi zizindikiro za makolo. Mukamaliza chanu muonetse agogo musanafotokoze kalikonse, mungowafunsa kuti apa Chauta akumva bwanji.